Nsomba Zikasowa M'damu, Wadya Ndani?

M'MIDZI yambiri ya m'boma la Angonia, kuyambira kufupi ndi tawuni ya Ulongwe mpaka ku Domwe ndi kumalire a Calomue, muli alimi amene adakumba madamu a nsomba m'madimba mwawo. Ulimi womwewu uliponso ku Tsangano ndi kutsidya kwa malire, m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Nchosadabwitsa, pakuti dera lino lili kutali ndi nyanja. Ndiwo zimene anthu amagula pamsika ndi usipa wochokera kunyanja ya Malawi, kapenta ndi chikowa za ku Cahora Bassa, kapena kalapawu wa m'firiji, ndipo zonsezi zimalira ndalama. Munthu wokhala ndi damu lake amapeza ndiwo pakhomo, ana amadya bwino, zotsala nkugulitsa.

Koma pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri pakati pa alimiwa. Munthu amathira ana a nsomba mazanamazana m'damu, nkuwadyetsa gaga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, koma tsiku lokolola khoka limatuluka ndi nsomba zosadzaza ndi dengu lomwe. Zikatere mtima umathamangira kwa munthu. Ena amaloza mnzawo wa dimba loyandikana nalo, ena amakayikira anyamata oweta ng'ombe, ndipo ena amafika ponena kuti nsombazo zakawidwa m'matsenga. Mawu otere akatuluka m'kamwa sabwereranso. Anthu amene adathawira limodzi nkhondo ku Dedza, nabwerera limodzi mtendere utadza mu 1992, amatha kuleka kupatsana moni chifukwa cha nsomba zimene palibe adaziona zikubedwa.

Akatswiri a ulimi wa nsomba amadziwa kuti adani a damu ndi ambiri, ndipo aliyense amasiya chizindikiro chake. Mlimi wodziwa kuwerenga zizindikirozi amapulumutsa nsomba zake, amapulumutsanso chibale.

Ngakhale m'galasi nsomba zimasowa

Kumaiko a azungu ndi m'mizinda ikuluikulu kuli anthu amene amasunga nsomba m'nyumba pofuna kukongoletsa. Amaziika m'thanki yagalasi, ena mwa iwo namathiramo madzi amchere ofanana ndi a m'nyanja ya India, ndiye kuti mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi ya madzi. M'thankimo amayalamo miyala yotengedwa pansi pa nyanja ndi zamoyo zooneka ngati miyala zotchedwa korali, zimene zimapezekanso m'nyanja ya dziko lino cha ku Pemba ndi ku Bazaruto. Nsomba zake zimakhala zing'onozing'ono, zamitundumitundu, zodula kwambiri, ndipo mwini wake amazidziwa imodzi imodzi.

Thanki yotere imakhala pabalaza, chitseko chokiya, madzi oyera kotero kuti chilichonse chimaoneka. Komabe anthu amenewa nawonso amadzuka m'mawa nkupeza nsomba imodzi palibe. Akafufuza amapeza kuti ina idalumpha usiku nkukaumira kuseri kwa kabati, ina idakokedwa ndi makina opopa madzi, ndipo ina idafa ndi matenda nkugwera kuphanga la mwala kumene nkhanu, nkhono ndi nyongolotsi zidaitha yonse kusanache, osasiyako ndi minga yomwe.

Nkhani yodziwika kwambiri idachitika mu 2009 m'tawuni ya Newquay ku England, pamalo oonetsera nsomba otchedwa Blue Reef Aquarium. Kwa miyezi ingapo ogwira ntchito ankapeza korali wodulidwa ndi nsomba zovulala m'thanki ina yaikulu, koma mdani wake osamuona. Adatchera misampha ndi mbedza, koma m'mawa ankapeza nyambo yadyedwa, chingwe chadulidwa. Potsiriza adaphwasula miyala yonse umodzi umodzi, ndipo adapeza chinyongolotsi cha m'nyanja chooneka ngati bongololo, chotalika pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Adaganiza kuti chidalowa chidakali chaching'ono, chitabisala m'miyala imene iwo eni adaika m'thankimo, ndipo chinkatuluka usiku wokhawokha.

Tsono ngati nsomba zimasowa m'galasi la madzi oyera, kuli bwanji m'damu la kudimba, la madzi obiriwira, limene usiku wonse limagona lokha popanda mlonda?

Masamu a damu

Chinthu choyamba chimene chimasocheretsa alimi nchakuti ambiri sadziwa nambala ya nsomba zimene adathira. Amangoti adagula ndowa imodzi kapena ziwiri. Munthu wosadziwa zimene adathira sangadziwe zimene zasowa.

Damu la mamita 10 m'lifupi ndi mamita 20 m'litali limakhala ndi malo okwana masikweya mita 200. Alangizi amalimbikitsa kuthira nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita iliyonse, choncho damu lotere limalandira nsomba za pakati pa 400 ndi 600. Tsono damu limene lidalandira nsomba 600 likamataya nsomba ziwiri zokha tsiku lililonse, pakutha pa masiku 180 limakhala litataya nsomba 360. Zotsala ndi 240 basi. Palibe tsiku limene mwini damu adaona chachilendo, chifukwa nsomba ziwiri patsiku sizioneka, koma pokolola zoposa theka palibe. Umu ndi mmene madamu ambiri amathera, pang'onopang'ono, osati usiku umodzi.

Chinanso nchakuti ana a nsomba ambiri amafa m'masiku oyambirira. Amakhala atayenda ulendo wautali panjinga, m'ndowa yothithikana, padzuwa. Akangokhuthulidwa m'madzi ozizira a m'damu amadzidzimuka, ena nkufa, namira pansi pomwe nkhanu zimawadya. Njira yabwino ndiyo kuwanyamula m'mamawa, kuyandamitsa ndowayo m'damu kwa kanthawi, ndi kumathiramo madzi a m'damumo pang'onopang'ono mpaka nsombazo zitatuluka zokha.

Adani a miyendo ndi a mapiko

Katumbu ndiye mdani wamkulu m'madamu amene ali pafupi ndi mitsinje ndi madambo a bango. Wamkulu amalemera makilogalamu oposa 10, amayenda usiku ndi m'bandakucha, ndipo nthawi zina amadza ndi banja lake lonse. Katumbu sabisa ntchito yake. Amadyera kumtunda, nasiya mitu, mamba ndi minga pamlambala wa damu. Ndowe zake zimakhala zodzaza ndi zikamba za nkhanu ndi mamba a nsomba, ndipo amakonda kuzisiya pamalo amodzi. M'matope mumaoneka mapazi a zala zisanu onga dzanja la mwana wamng'ono, ndipo pa udzu pamakhala kanjira kosalala kamene amatsetserekera polowa m'madzi.

Ng'azi imadza masana dzuwa likatentha. Pamatope imasiya mapazi a zikhadabo zazitali, ndi mzere pakati wokokedwa ndi mchira. Imakumbanso mauna m'khoma la damu, ndipo mauna omwewo amayamba kutayitsa madzi. Njoka za m'madzi nazo zimadya nsomba zing'onozing'ono, makamaka pamene udzu wa m'mbali mwa damu wasiyidwa kuti uwirire.

Mbalame zimadya zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Akakowa ndi anantchengwa amaima m'madzi osaya kumtunda kwa damu m'mamawa anthu asanafike kudimba. Timbalame ta milomo yaitali timatera pa nthambi kapena pa chikhomo nkumadumphira m'madzi tsiku lonse. Chizindikiro chake ndi zitosi zoyera pamlambala, mapazi a zala zazitali m'matope, ndi nsomba zina zopulumuka zokhala ndi bala loboola kapena mikwingwirima pamsana. Mbalame yoima m'madzi singagwire ntchito pamalo akuya, nchifukwa chake damu losaya, lodzala ndi matope, limakhala ngati mbale yake.

Mdani wa m'kati

Monga zidachitikira ku Newquay, nthawi zambiri mdani amakhala m'madzi momwemo. Mlamba ndi nsomba yabwino kudya, ndipo alimi ena amauweta mwadala, koma ukalowa mosaitanidwa m'damu la makumba kapena chilunguni umameza ana a nsomba. Mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja kwa madzi, choncho usiku wa mvula umatha kukwawa pa udzu wonyowa kuchoka kumtsinje kapena kudamu lina. Wina umalowa udakali waung'ono kudzera mumngalande wa madzi, wina umatsalira m'matope kuchokera chaka chatha. Masana umagona pansi osaoneka. Mlimi amene pokolola wapeza milamba iwiri itatu yonenepa imene sadathiremo, koma ana a nsomba palibe, ndiye kuti wakuba wake wamgwira.

Achule osalala amene amakhala m'madzi moyo wawo wonse amadyanso timwana ta nsomba tongoswedwa kumene, ndipo ambululu akachuluka amalimbirana gaga ndi nsomba. Tizilombo tina ta m'madzi, monga ana a tombolombo, timagwiranso timwana tating'onoting'ono.

Palinso vuto lina losiyana ndi limeneli. Makumba ndi chilunguni zimaswana msanga m'damu. Makumba aakazi amasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, pomwe chilunguni chimakumba chisa pansi, makolo onse awiri nkumalondera. Zikachulukana chakudya chimaperewera ndipo zonse zimapinimbira. Mlimi amaponya mbedza osagwira nsomba yaikulu, nayamba kunena kuti zazikulu zabedwa, pomwe zazikuluzo sizidakhalepo nkomwe.

Chisanu ndi mpweya

Angonia ndi dziko lokwera, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira mpaka masamba a m'madambo kuwauka. Nsomba za mtundu wa chambo, makumba ndi chilunguni nzokonda madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20 zimachepetsa kudya ndi kuswana, ndipo akayandikira madigiri 10 zina zimayamba kufa. M'nyengoyi nsomba zimatsikira pansi, osabwera pamwamba kudzalandira gaga monga mwa masiku onse. Alimi ambiri amaona ngati damu latha, pomwe nsombazo zangobisala kudikira kuti kufunde. Koma m'damu losaya, limene madzi ake safika m'chiuno, chisanu chimaphadi. Nsomba yofera m'madzi ozizira siyandama msanga. Imakhala pansi masiku angapo, ndipo nkhanu zimaitha isanaonekere. Damu la kudera lozizira liyenera kukhala ndi mbali yakuya mita imodzi kapena mita imodzi ndi theka, ndipo lisakhale pamthunzi wa mitengo.

Nsomba zimapumanso mpweya wosungunuka m'madzi. Masana ndere zobiriwira za m'damu zimapanga mpweyawu, koma usiku zimaugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsomba, kotero kuti m'bandakucha ndi pamene umachepetsetsa. Manyowa akachuluka kwambiri, kapena gaga wosadyedwa akaolera pansi, kapenanso kukachita mitambo masiku angapo motsatizana, mpweya umatha. Wofika kudamu dzuwa lisanatuluke amapeza nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa. Zazikulu ndizo zimayamba kufa, ndipo akhwangwala, agalu ndi mbalame zina zimatola mitemboyo mwini wake asanafike. Zikatere mlimi alowetse madzi atsopano msanga, ayambe waleka kudyetsa ndi kuthira manyowa. Poyesa madzi, aviike mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikaleka kuoneka madzi asanafike pachigongono, ndere zachuluka.

Madzi osefukira, mankhwala ndi matenda

M'dzinja nsomba zimathawa ndi madzi. Mu Januwale 2022 mphepo yamkuntho ya Ana idadzaza mitsinje ya m'chigawo cha Tete, mpaka mtsinje wa Revubwe udagumula mlatho wa pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Koma kuti damu litaye nsomba sipachita kulira chigumula chachikulu chotero. Mvula ya usiku umodzi ikhoza kudzaza damu, madzi nkudutsa pamwamba pa khoma, ndipo nsomba zimatsata madziwo. M'mawa madzi amakhala ataphwa, damu likuoneka bwinobwino. Udzu wogona pakhoma ndi matope atsopano kumunsi kwa damu ndizo mboni. Paipi yotulutsira madzi yopanda sefa nayonso ndi khomo lotseguka chaka chonse.

Dera lino limalima mbatata ya kachewere, tomato, kabichi ndi fodya, mbewu zimene zimapoperedwa mankhwala kawirikawiri. Munthu akatsukira mpope wake mumngalande kapena mumtsinje umene umathira madzi m'madamu a kumunsi, akhoza kupha nsomba za anzake osadziwa. Nsomba zophedwa ndi mankhwala zimafa nthawi imodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pamodzi ndi achule ndi tizilombo ta m'madzi. Nsomba zotere siziyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa.

Matenda nawonso alipo. Nthenda ya zilonda zofiira pa nsomba, imene akatswiri amaitchula kuti EUS, idaoneka kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007, ndipo mu 2020 idabuka m'boma la Mchinji ku Malawi nipha nsomba m'madamu ndi m'mitsinje. Imakonda nyengo yozizira, ndipo imafala kudzera m'nsomba, madzi ndi makoka ochokera kumalo kumene kuli matendawa. Anthu a m'malire amene amatenga ana a nsomba mbali zonse ziwiri ayenera kusamala kwambiri. Wopeza nsomba za zilonda azikwirire pansi, ndipo akanene msanga ku ofesi ya zachuma ya boma, SDAE, ku Ulongwe, kapena kwa alangizi a za nsomba kutsidya kwa malire.

Nanga wakuba weniweni?

Izi sizikutanthauza kuti akuba nsomba kulibe. Alipo ndithu, makamaka pa madamu amene ali kutali ndi nyumba, ndiponso nthawi ya njala kapena pafupi ndi zikondwerero. Koma munthu nayenso amasiya zizindikiro zake. Madzi amakhala ovunduka m'mawa chifukwa cha kupondaponda. Pamlambala pamakhala mapazi a anthu, udzu wonyowa ndi matope pamalo amene adakokera khoka kapena neti ya udzudzu. Nsomba zazikulu zimasowa zambiri nthawi imodzi, popanda mitu kapena minga yotsalira. Wakuba wa mbedza amasiya timitengo tozikika m'mbali ndi tizingwe tothyoka. Nsomba zimene zidazolowera kuthamangira gaga zimayamba kuthawa mthunzi wa munthu.

Mlimi wopeza zizindikiro zotere ali ndi chifukwa chopitira kwa anyakwawa kapena kwa amfumu, ndipo aitane mboni kuti zidzaone mapaziwo dzuwa lisanaumitse matope. Koma wopita kubwalo ndi mkwiyo wokha, atangoona khoka lopepuka, akhoza kuipitsa dzina la munthu wosalakwa, katumbu ali phee m'bango kudikira mbewu ina. Kunamizira munthu ufiti pa nkhani yotere ndiye choopsa koposa, chifukwa kawirikawiri amene amalozedwa chala ndi nkhalamba zopanda woziteteza.

Zoyenera kuchita

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Njira zotetezera damu zimene alangizi akhala akuphunzitsa, kuphatikizapo a ku Domasi m'boma la Zomba kumene kuli likulu la kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Malawi, sizilira ndalama zambiri.

Asanathire mbewu yatsopano, mlimi aphwetse damu lonse ndi kuliumitsa mpaka matope atang'ambika, kuti mlamba ndi achule otsalira athe. Aike sefa ya waya kapena ya nsungwi zolukana polowera ndi potulukira madzi. Khoma likhale lokwera kuposa madzi, ndipo kumtunda kukumbidwe mngalande wopatutsa madzi a mvula. Udzu wa m'mbali uzitchetchedwa kuti njoka ndi ng'azi zisowe pobisala. Mpanda wa nsungwi wothithikana, wozikika bwino pansi, umatchinga katumbu, ndipo mlimi aziuyendera kuona ngati pali pamene pakumbidwa. Zingwe zomangidwa modutsana pamwamba pa madzi zimasokoneza mbalame. Nthambi zaminga ndi zikhomo zozikidwa pansi pa damu zimang'amba khoka la wakuba, komanso zimapatsa nsomba pobisala. Kutchera poizoni pofuna kupha katumbu sikwabwino, popeza nyambo yomweyo imadyedwa ndi agalu ndi nkhuku, ndipo mankhwalawo amabwereranso m'madzi.

Choposa zonse ndi kuyendera damu tsiku ndi tsiku, makamaka m'mamawa, ndi kudyetsa nsomba pamalo amodzi nthawi imodzimodzi. Nsomba zikazolowera, mlimi amatha kuona ndi maso ngati zayamba kuchepa. Kope la sukulu limodzi nlokwanira kulembamo tsiku lothira nsomba, nambala yake, zakufa zimene zatoledwa, masiku a mvula yaikulu ndi a chisanu, ndiponso zimene banja lawedza pofuna ndiwo. Mabanja ena amadabwa akawerengera pamodzi nsomba zimene ana ndi amayi a pakhomo pomwepo adawedza mwezi ndi mwezi.

Alimi amene madamu awo ali m'dambo limodzi angachite bwino kupanga kalabu, kumasinthana ulonda ndi kugwirizana malo otsukira mipope ya mankhwala kutali ndi mngalande. Katumbu wadya kwa mmodzi lero, mawa adzapita kwa mnzake. Amene akuyang'anizana ndi diso lokayika ndi omwewo amene akadathandizana kumanga mpanda, ndipo nyengo yothiranso nsomba ikadza kukafunda mu Seputembala, adzasowana pobwereka khoka ndi pogawana mbewu.